Chaka Chosowa M'kope la Lois

1

Abale anga akuti ndapasula mtundu. Amayi ondibereka sandiyankha moni kuyambira Okutobala, ndipo kutchalitchi kuli azimayi ena amene amasendera ndikakhala nawo benchi imodzi. Onsewa akudikira kuti ndipepese. Adikire ndithu, mipando ilipo. Ine ndasankha kulemba.

Dzina langa ndine Felista. Ndili ndi zaka 45, ndimakhala ku Chikamveka muno mu Zomba, ndipo ndimasunga mafayilo mu ofesi ina ya boma. Amuna anga, a Sam, anamwalira zaka zitatu zapitazo, n'kundisiya ndi mwana wathu Lois, amene ali Sitandade 7.

Tsiku lina Lachisanu, sukulu zili pakati pa teremu yomaliza, Lois anafika kunyumba ali wefuwefu, chikwama chikulendewera phewa limodzi.

"Amayi, madamu atipatsa ntchito ya mwezi wathunthu. Akuti aliyense afufuze mbiri ya kwawo, ajambule mtengo. Mizu ikhale makolo akalekale, nthambi tikhale ifeyo."

"Ndiye chavuta n'chiyani? Lemba agogo ako, ine, iweyo, wamaliza."

"Ayi! Akuti tifunse akuluakulu, tilembe zaka, ndipo tione ndi maso athu zithunzi ndi mapepala. Akuti zongomva n'zosakwanira."

Ndinaseka, n'kumupatsa kope latsopano la chikuto chofiira. Kunena zoona ntchitoyo inandikopa, poti ine mapepala akale ndiye ntchito yanga. Koma pamene mwanayo ankalemba dzina lake pachikuto, kuseka kunandithera. Pa mtengo umenewo panali nthambi imodzi imene sindinkafuna kuti wina aigwedeze.

2

Tinayamba ndi mbali ya bambo ake. Imeneyo sinavute: tinaimbira foni amalume a malemu Sam ku Ntcheu, ndipo anatchula mayina mpaka batire linatha.

Mbali yanga tinayambira kumanda. Loweruka m'mawa tinakapalira manda a bambo anga, a Mateyu, Lois n'kukopera zaka zolembedwa pamtanda. Ndinamuuza kuti agogo akewo anali mesenjala m'maofesi a boma nthawi imene Zomba linali likulu la dziko, ndipo ankakwera njinga mpaka pamwamba pa phiri kukasiya kalata imodzi yokha.

Tinapitanso ku Chikanda kwa amayi anga, a Consolata, amene mpaka lero amakazinga mandasi ogulitsa kwa ana a kukoleji. Amayi si munthu wokonda nkhani zakale, koma mdzukulu atawaikira foni pamwendo kuti awajambule mawu, anamasuka. Anatiuza za agogo awo, Mlomwe amene anayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki mwana ali kumsana, n'kudzakhazikika ku Phalombe.

"Dzina lawo anali ndani, agogo?"

"Marita."

"Limenelo si la ubatizo? Nanga lenileni?"

Amayi anayang'ana kudenga. "Latayika. Palibenso amene angalidziwe."

Lois analemba m'kope muja kuti *dzina linatayika*, n'kudula mzere kunsi kwake. Tsiku limenelo tinabwerera tili osangalala. Chimwalirire bambo ake, ndinali ndisanamuonepo mwanayu akulongolola chonchi.

Sabata yotsatira tinapita ku parishi kukapempha kaundula wa ubatizo. Akatekisiti anatitsegulira mabuku akuluakulu onunkha fumbi. Lois anapeza dzina langa, anapeza la mkulu wanga Rosebell, ndipo atavundukula buku la 1996 anafuula.

"Amayi, onani asisi Phoebe! Bambo, Medson. Mayi, Rosebell."

Rosebell amandiposa zaka khumi. Iye ndi amuna ake, a Medson, amene anapuma ntchito m'boma ndipo ndi munthu wolemekezeka kutchalitchi kwathu, analera mwana mmodzi yekha, Phoebe. Phoebe ndi namwino, wazaka 26, ndipo pa nthawiyi banja lonse linali kalikiliki kukonzekera chinkhoswe chake ndi mnyamata wina mphunzitsi, dzina lake Blaise.

"Kopera msanga, tizipita," ndinatero.

3

Lois ali ndi mutu wa bambo ake: chinthu sachisiya theka. Anapatsa munthu aliyense tsamba lakelake, n'kumalemba zimene zinamuchitikira chaka ndi chaka. Atafika pa tsamba langa anabwera kukhitchini, pensulo ili kukamwa.

"Amayi, mwati 1995 munali Fomu 3. Satifiketi yanu ya Fomu 4 ikuti 1997. Nanga 1996 munali kuti?"

"Ndinadwala."

"Chaka chonse? Matenda anji?"

"Lemba kuti ndinadwala, basi."

Sanalembe. Anangosiya mzerewo wopanda kanthu.

Lamulungu titaweruka ku Misa tinapita kwa a Rosebell, kumene azimayi a mtundu wathu anasonkhana kuti asankhe nsalu ya yunifolomu ya chinkhoswe. Nsalu zinali mbwee pa tebulo. Phoebe anandikokera pambali kuti ndimuthandize kusankha. "Amayi aang'ono, inu ndiye muli ndi diso. Yobiriwirayi kapena yamaluwayi?" A Medson anali pampando wawo wapakona, nyuzipepala ili kumaso.

Pamenepo Lois anatulutsa kope lake.

"Amayi aakulu, muli nacho chithunzi chimene munajambulitsa muli oyembekezera asisi Phoebe? Ndikufuna ndimate apa."

Amayi anga anayamba kupinda nsalu imene inali yopindapinda kale. Rosebell anamwetulira, koma milomo yokha.

"Nthawi imeneyo zithunzi zinali zosowa, mwanawe."

"Koma zaukwati wanu zilipo, ndipo n'zakale kuposa pamenepo. Nanga anabadwira chipatala chiti?"

A Medson anatsitsa nyuzipepala. "Mwanayu ali ndi mafunso ngati wapolisi. Alamu, mukumuphunzitsa zotani?"

Azimayi anaseka. Ine sindinaseke, ndipo sindinawayang'ane. Kwa zaka 26 ndinali ndisanawayang'anepo bambo amenewa m'maso.

Rosebell anandiitanira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Felista, muletse mwana wakoyu."

"Ndi ntchito ya kusukulu, achemwali."

"Ya kusukulu chiyani! Kwatsala masabata asanu kuti chinkhoswe chichitike. Ukufuna chiyani makamaka?"

"Sindinanene kanthu ine."

"Pitiriza kusanena."

Ndinavomera ndi mutu, monga ndinkachitira nthawi zonse. Pobwerera ndinamuuza Lois kuti zimene wapeza zakwana. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti kwangotsala zithunzi za m'bokosi la agogo, zimene anamulonjeza.

4

Loweruka linalo tinafika ku Chikanda m'ma 9 koloko. Amayi anali atapita kumsika kukagula mafuta, koma bokosi lawo lachitsulo anali atalitulutsa kale pansi pa bedi. Ndinamusiya Lois akusanthula zithunzi pamkeka, ine n'kukachapa zovala za amayi kuseri kwa nyumba. Sindinade nkhawa. Ndinkadziwa kuti chilichonse choopsa chinatenthedwa kalekale.

Patapita kanthawi ndinaona mthunzi wake pa beseni.

"Amayi, ku Phalombe kuli Felista wina wa mtundu wathu?"

"Ayi. Bwanji?"

M'manja mwake munali khadi ya sikelo ya ku Phalombe, yachikasu ndi ukalamba, yong'ambika m'mapindiro. Anati anaipeza m'kati mwa buku la nyimbo lopanda chikuto. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo.

"Dzina la mwana, Phoebe. Tsiku lobadwa, 3 Julaye 1996. Dzina la mayi, Felista Mateyu."

Sopo anaterereka n'kugwera m'fumbi. Mabodza atatu anabwera m'mutu mwanga nthawi imodzi: anamwino analakwitsa, ine ndi amene ndinanyamula mwanayo tsiku la sikelo, khadiyo ndi ya munthu wina. Lililonse mwa atatuwo likanagwira. Koma mwana wanga anali chiimire patsogolo panga ndi pepala m'manja, ndipo ndinadziwa kuti ndikanama tsiku limenelo ndiye kuti ndamuphunzitsa zimene ine anandiphunzitsa: kuona chinthu ndi maso, pakamwa n'kunena china.

Ndinapukuta manja pa chitenje.

"Felista ameneyo ndine. Phoebe ndi mwana wanga woyamba. Ndinamubereka ine."

Lois anakhala pa ndowa yovundikira. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye 1996 simunadwale?"

"Sindinadwale."

"Adadi ankadziwa?"

Funso limenelo ndi limene linandithyola. A Sam anandikonda zaka khumi ndi ziwiri, ndipo analowa m'manda osadziwa kuti mtsikana amene anatinyamulira maluwa pa ukwati wathu anali magazi anga. Ndinalira mwana wanga akuona.

Amayi anatipeza tili choncho. Ataona khadiyo anaika chigubu cha mafuta pansi.

"Bweretsa kuno."

Ndinaitenga m'manja mwa Lois n'kuilowetsa m'kamisolo.

"Felista, ndati bweretsa! Unalumbira utagwira kolona."

"Ndinali ndi zaka 18, amayi, ndipo munali atatu pa ine ndekha."

"Tsono ukufuna chiyani? Mwana wa mkulu wako ndi wako yemwe. Si amakuitana kale kuti amayi aang'ono?"

"Ndikufuna achotsepo *aang'ono*."

"Wapenga. Wapengeratu."

"Nanga inu munaisungiranji? Zina zonse munatentha ndikuona. Iyi yokha bwanji?"

Amayi anandifulatira. Ananyamula chigubu chawo n'kulowa m'nyumba, ndipo mpaka lero funso limenelo sanaliyankhe.

5

Ndinakhala masiku anayi ndikulimbana nazo. Lois anali atadziwa, ndipo sindikanamusenzetsa mwana wazaka khumi ndi ziwiri katundu amene ine anandipinda msana. Ndinaganiza kuti Phoebe amve kwa ine, osati kwa woledzera wina pamaliro.

Lachinayi Phoebe anali pa ofu. Ndinamuuza kuti ndili ndi malangizo a chinkhoswe amene sindinganene pagulu, ndipo tinakwera takisi kupita kuphiri. Anali wosangalala, akugula mabulosi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, akundiuza za nyumba imene apeza ndi Blaise. Tinatsikira ku damu la Mulunguzi n'kukhala pa mwala pansi pa mitengo ya paini. Dzuwa linali pamutu, koma mphepo yake inali yozizira.

Ndinamupatsa khadi ija. Iye ndi namwino, makhadi otere amawadziwa. Anaiwerenga kawiri, n'kuitembenuza, n'kuiwerenganso.

"Izi ndi chiyani?"

"Ndi zoona."

Ndinamufotokozera. Ndinati mimba itadziwika ananditulutsa sukulu n'kunditumiza kwa azakhali ku Phalombe. Rosebell anali atakhala m'banja zaka zisanu ndi zitatu popanda mwana. Anayamba kuvala madiresi otaya, anauza anthu kuti akukadikirira kumudzi, n'kubwera kumene ndinali. Ndinamuyamwitsa Phoebe masabata atatu. Tsiku lina m'mawa anandituma kuchigayo, ndipo pobwera ndinapeza mphasa yokha. Mabere anandimanga ndi chitenje kuti mkaka uphwe. Mu Januwale anandibwezera kusukulu ina, ndi tsitsi lometa bwinobwino, ngati palibe chimene chinachitika.

Phoebe ankayang'ana madzi. Mabulosi aja anali atatayikira pansi.

"Ndiye bambo anga ndani?" anafunsa ndi mawu otsika. "Mnyamata wa kusukulu? Ali moyo?"

Lois sindinamuuze zimenezi, a Sam sindinawauze, ngakhale wansembe sindinamuuzepo.

"M'kaundula wa ubatizo ananama dzina limodzi lokha, la mayi. La bambo ndi loona."

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Sindikumva."

"Ndinkakhala kwa achemwali pophunzira, poti kusukulu kunali kufupi. Chakumapeto kwa 1995 achemwali anapita ku kosi ku Blantyre masabata awiri. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi alamu. Sindinafune, Phoebe. Ndinakana, ndinalira. Atatha anandiuza kuti ndikaulula palibe amene adzandikhulupirire, ndipo sukulu yanga ithera pomwepo."

"Adadi?"

"Omwewo."

"Ndipo amami akudziwa?"

"Anadziwa kuyambira tsiku limene ndinaulula. Iwo, agogo ako ndi azakhali. Anasankha kuti banja lisathe, ulemu wa a Medson usagwe, ndipo achemwali apeze mwana. Aliyense anapindulapo kanthu."

Anaimirira. Nkhope yake inali itauma gwa.

"Zaka zonsezi mwakhala mukubwera kwathu, kudya nafe, kundigulira nsapato za Khirisimasi. Lero, kutatsala mwezi umodzi, ndiye mwaona kuti mundiuze? Mukufuna ndichite nazo chiyani?"

"Chilichonse chimene ukufuna. Ngati ukufuna kundida, ndide. Koma undide ukudziwa kuti ndine ndani."

Anaponya khadi ija pamwendo panga n'kuyamba kutsika msewu wapansi. Ndinamuitana kawiri. Sanacheuke.

6

Loweruka anandiitanitsa kwa a Rosebell. Ndinapeza amayi, Rosebell ndi a Medson atakhala ngati bwalo la milandu. Phoebe panalibe. Anali atatuta zovala zake n'kukakhala kwa mnzake wa kuntchito, ndipo foni ya aliyense sankayankha.

Rosebell maso anali otupa. "Wakhutira? Ndinamulera ndine! Chikuku chitamugwira ndinagona naye m'chipatala ndine. Yunifolomu yake yoyamba ndinasoka ndi manja angawa. Iwe unali kuti?"

"Ndinali pamene munandiika, achemwali. Munamulera bwino, zimenezo sindidzakana mpaka imfa. Koma simunamutole pamsewu. Munamuchotsa pa bere langa."

"Ndinakupulumutsa! Ukanakhala chiyani lero, mwana kumsana, wopanda sukulu?"

"Mukanandipulumutsa kwa amuna anu, bwenzi ndikukugwadirani."

A Medson anatsokomola. Analankhula modekha, ndi mawu amene amawerengera zolengeza kutchalitchi. "Zakale n'zakale. Tonse tinali anthu, ndipo Mulungu anakhululuka. Komanso tisamanene ngati mtsikanayu anali mwana wakhanda. Ankadziwa chimene ankachita."

Apa ndinawayang'ana m'maso, koyamba chichokere 1995. Ndinaona nkhalamba ya imvi, ndipo ndinadabwa kuti ndi munthu ameneyu amene ndinamuopa moyo wanga wonse.

"Bwerezani zimenezo, alamu. Koma mukazinene pamaso pa Phoebe."

Anatsitsa maso. Sanabwereze.

Amayi ndi amene anapereka chigamulo. Ndikauze Phoebe kuti ndinasokonezeka mutu ndi imfa ya amuna anga. Ndipereke khadi. Kope la Lois litenthedwe. Ndipepese kwa alamu chifukwa chowachotsera ulemu. Ndikapanda kutero, ku chinkhoswe ndisapondeko.

"Kope ndi la mwana wanga, ndipo mulibe bodza ngakhale limodzi," ndinatero. "Khadi ili ndi dzina langa. Kupepesa ndiye ayambe ndi awo."

Ndinatenga chikwama changa n'kutuluka. Ndinadutsa pa geti osacheuka.

Kunyumba ndinamukhazika pansi Lois. Sindinamuuze zonse, ndinamuuza zoyenera msinkhu wake: kuti pali munthu wamkulu amene anandichita choipa ndili mtsikana, kuti cholakwa sichinali changa, ndipo kuti wina aliyense akadzamukhudza iye mosayenera, kaya ndi m'bale kaya ndi wolemekezeka bwanji, adzandiuze tsiku lomwelo ndipo ine ndidzamukhulupirira. Za mtengo wake tinagwirizana kuti dzina la Phoebe ndi la Phoebe, sitingalisunthe mwini wake asanalole. Lois analilemba pakati pa ine ndi Rosebell, osalilumikiza kwa aliyense. Madamu ake anazunguliza ndi inki yofiira n'kulemba kuti nthambi iyi ili lendelende. Lois anangoti, "Ndikudziwa, madamu."

7

Chinkhoswe sichinalephereke. Ndinamva kwa anthu kuti Phoebe anamuuza zonse Blaise, ndipo mnyamatayo anati iye akukwatira Phoebe, osati kaundula. Kwa ine sikunabwere khadi yondiitanira, sikunabwere nsalu ya yunifolomu, sikunabwere foni.

Tsikulo litafika ndinavala chitenje changa cha buluu, ndinamuluka tsitsi Lois, tinakwera kabaza mpaka kuholo. Pakhomo panali msuweni wanga wina atanyamula mndandanda wa mayina. Atandiona anayang'ana pepala, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kumbali. Tinalowa n'kukhala mzere wachitatu kuchokera kumbuyo.

Holo inali yodzaza, azimayi a mtundu wathu atavala nsalu yobiriwira ija. Kutsogolo, pambali pa Rosebell, mpando wa bambo a mkwatibwi unali wopanda munthu. Analengeza kuti a Medson adwala mwadzidzidzi. Pambuyo pake ndinamva kuti Phoebe anawatumizira uthenga wa mzere umodzi: akabwera iwo, iye sabwera.

Ankhoswe anapatsana nkhuku, anthu anavina, nthungululu zili ponseponse. Phoebe anali wokongola moti ndinkalephera kumuyang'anitsitsa. Kenako woyendetsa mwambo anakweza mawu.

"Tsopano tione kumene duwa limeneli linachokera! Mayi ake a Phoebe, taimirirani anthu akuoneni!"

Rosebell anaimirira, anthu anaomba m'manja.

Sindinachoke kunyumba nditakonza zimenezi. Ndinangomva mawu akuti *mayi ake a Phoebe*, ndipo miyendo yanga inayankha. Ndinaimirira.

Kuomba m'manja kunayamba kuzilala kuchokera kumbuyo. Mitu inatembenuka. Amayi anga, ali kutsogolo, anandikodola ndi dzanja mwaukali kuti ndikhale pansi. Woyendetsa mwambo anaseka kuti akonze zinthu.

"Aaa, amayi aang'ono achita changu! Takhalani kaye pansi mayi, nthawi yanu ikubwera."

Sindinakhale. Lois anandigwira chitenje, osati kuti andikokere pansi, koma kungogwira. Anyamata awiri a chitetezo anayamba kubwera mbali yanga.

Pamenepo Phoebe anatambasula dzanja n'kutenga maikolofoni. Anayang'ana Rosebell, anayang'ana ine.

"Asiyeni," anatero. "Onse awiri aime."

Anabweza maikolofoni n'kukhala pansi. Rosebell anali chiimire kutsogolo, misozi ikutsika. Ine ndinali chiimire kumbuyo. Tinaima choncho mpaka woimba nyimbo anazindikira kuti ayatse kanthu.

Mwambo utatha Phoebe anandipeza panja, pafupi ndi magalimoto. Sanandikumbatire.

"Munandichititsa manyazi," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndipo sindinakonzeke kukuitanani dzina limene mukufunalo. Amami ndi amami. Mwina sindidzakonzeka n'komwe."

"Ndamva."

Anayang'ana pansi, akusewera ndi mphete yake yatsopano. "Masabata atatu amene munandiyamwitsa aja, munkanditchula ndani? Kapena dzina la Phoebe munapereka ndinu?"

"Ndine. Ndi chinthu chokhacho chimene anandilola."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Lachinayi ndili pa ofu. Ndibwera ku Chikamveka. Ndili ndi mafunso ambiri, ndipo musandibisire kanthu."

Anabwera. Ndipo akubwerabe, Lachinayi lililonse.

8

Owerenga anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwandiweruza kale. Mukuti ndinaononga tsiku la mwana, mukuti za m'nyumba sizitulukira pabwalo, mukuti ndikanadikira a Medson amwalire kaye. Pa tsiku la chinkhoswe lija mwina muli ndi mfundo, ndipo Phoebe yekha ndi amene ndinamupepesa. Koma pa zotsalazo, ayi. Ndinadikira zaka 26, ndipo kudikirako kunateteza munthu mmodzi yekha, amene sanali ine ndiponso sanali mwana wanga.

Mtengo wake ndalipira. Mkulu wanga tikakumana mumsika amalowa njira ina, ndipo ndimamusowa, poti ndi iye amene anandiphunzitsa kuluka tsitsi ndi kuwerenga. Amayi akukalamba, ndipo sindikudziwa ngati tidzalankhulanenso asanatisiye. Zimenezi zimandipweteka. Koma sindibweza mawu.

Kwa inu amene mukufuna kufufuza mbiri ya kwanu pamodzi ndi ana anu, ndikuti yambani, ndipo yambani akuluakulu akadali moyo. Pitani kumanda, tsegulani mabokosi, afunseni agogo mayina asanatayike. Mudzapeza zonyaditsa zambiri. Koma dziwani kuti mwana safunsa mwaulemu ngati munthu wamkulu. Amawerenga zaka, amaona pamene pali mpata, ndipo amaloza ndi chala. Tsiku limenelo likadzafika mudzasankha nokha chimene mudzamusiyire.

Ndipo kwa iwe mtsikana amene anakulumbiritsa kuti ukhale chete pofuna kusunga ulemu wa munthu amene anakulakwira, kaya lero uli ndi zaka 18 kaya uli ndi imvi: lumbiro limenelo silikumanga. Manyaziwo si ako. Abwezere kwa mwini wake.